Ayuda anabwera ndi mtolo wa m'manja: tisanathamangitse mlendo, tiyambe tamva mbiri yao

Ife akhristu dzina lakuti Myuda timalimva kawirikawiri m'chalichi, makamaka pa sabata loyera, ndipo ambiri tiganiza kuti nkhani ya anthu amenewa inathera m'Baibulo. Ndi ocepa mwa ife amene adziwa kuti muno m'Zambia munakhala Ayuda. Anagula ndi kugulitsa ng'ombe, anatsegula masitolo m'mbali mwa njanji, anamanga nyumba zao zopemphereramo ku Livingstone, Lusaka, Ndola ndi Kitwe, ndipo manda ao alipo mpaka lero. Sanaculuke konse. Pamene anali ambiri kwenikweni, ca m'ma 1955, anali ngati 1,000 cabe m'dziko lonse, ciwerengero cimene sicingadzaze ngakhale mbali imodzi ya Kafue Estates. Lero atsala owerengeka pa zala.

Tafuna kukumbutsana mbiri imeneyi cifukwa ca mau amene ayamba kumveka kwambiri m'maminibasi ndi pa msika, akuti alendo abwera kudzatidyera dziko. Akuchulidwa ndi a ku Rwanda, a ku Burundi, a ku Congo ndi ena otero amene ali ndi tumasitolo m'makomboni. Mau otere sayamba ndi mwala. Ayamba ndi nthabwala, kenaka mphekesera, mwala ubwera pambuyo.

Ayuda oyamba kufika kuno anacokera ku Lithuania ndi Latvia, maiko amene pa nthawiyo anali pansi pa mfumu ya Russia. Kumeneko lamulo linawaikira malire a kumene angakhale, ambiri sanaloledwe kukhala ndi munda, ndipo anyamata ao anali kutengedwa mokakamiza kupita ku usilikali. Kuyambira mu 1881 magulu a anthu anayamba kuwaukira m'midzi yao, kuphwanya nyumba ndi kupha. Pakati pa 1881 ndi 1924 Ayuda pafupifupi mamiliyoni awiri anathawira ku America. Ena ocepa analowera ku South Africa, ndipo mwa iwowa ena anapitirira kumpoto kufunafuna podyera.

Awiri mwa iwo anali pa cibale, Elie ndi Harry Susman, a ku kamudzi kochedwa Rietavas ku Lithuania. Mu 1901 anaoloka Zambezi kupita ku Bulozi kukagula ng'ombe m'dziko la mfumu Lewanika. Alimi anzathu amvetse cimene cinawakokera kumeneko. Mu 1896 ndi 1897 mliri wa rinderpest unapululutsa ng'ombe kumwera konse kwa Africa, koma ng'ombe zambiri za m'dambo la Bulozi zinapulumuka. Ku Bulawayo kunali ndalama koma kunalibe nyama ndi ng'ombe zokoka ngolo. Ku Lealui kunali ng'ombe koma kunalibe msika. Anyamata awiriwa anaona mpata umenewo. Anayenda pansi miyezi, m'dziko la mikango, malungo ndi kashembe, kukusa ng'ombe kupita kumwera. Pamene matenda a m'mapapo anagwira ng'ombe za ku Bulozi mu 1915 ndipo boma linatseka malonda, sanapakire katundu kubwerera. Anafuna ng'ombe ku Ngamiland, m'dziko limene lero ndi Botswana, nazitumiza ku migodi ya ku Katanga ndi ku Copperbelt. Ng'ombe zocokera kumwera kupita ku migodi pa sitima zinayenera kuoloka mtsinje wathu uno wa Kafue, umene ulalo wake wa njanji unatha kumangidwa mu 1906.

Pambuyo pake anagwirizana ndi Harry Wulfsohn, mnyamata wa ku Latvia amene anafika wopanda kanthu, ndipo kampani ya Susman Brothers & Wulfsohn inakhala ndi masitolo, mabuchala, mapulazi ndi nchito ya matabwa. Akuluakulu a ku Mongu, Senanga ndi Livingstone aikumbukira. Winanso ndi Abe Galaun, wa ku Lithuania komweko, amene anakhazikika mu Lusaka nayamba nchito ya nyama ndi mkaka. Dzina la Galaunia Farms alimi a ng'ombe alidziwa. Ndipo pafupi pompano, ku Mazabuka, banja lina la Ciyuda linali ndi sitolo wamba, ndipo mu 1943 munabadwa mwana dzina lake Stanley Fischer. Mwana wa m'sitolo ameneyu anadzakhala waciwiri kwa mkulu wa IMF kuyambira 1994 mpaka 2001, mkulu wa banki yaikulu ya Israel kuyambira 2005 mpaka 2013, kenaka waciwiri kwa mkulu wa banki yaikulu ya America. Anamwalira mu 2025. Ife a m'Kafue amene tinaona mafakitale athu akugwa m'zaka za malangizo a IMF sitingaimbe m'manja kwambiri pomva dzina la bungwe limenelo, koma mfundo ikhalabe yakuti munthu wotere anabadwira kuseri kwa kauntala pa Mazabuka.

Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka anthu awa sikanali ndalama, pakuti ambiri anafika ndi mtolo wa m'manja. Kanali kuona msika pamene eni dziko ndi Angelezi omwe sanauone, kulolera kukhala kumene mzungu wa boma sakanagona usiku umodzi, ndiponso kukongozana ndi kukhulupirirana pa cibale. Munthu amene alibe kobwerera agwira nchito mosiyana ndi amene adziwa kuti zikavuta apita kumudzi.

Tisawasandutse angelo. M'dziko la atsamunda Myuda anali kunyozedwa ndi Angelezi, makalabu ena sanali kumulola, komabe pamaso pa lamulo anali mzungu. Anapeza laisensi ya malonda imene agogo athu sakanaipeza. M'masitolo ambiri a azungu m'matauni munthu wakuda anali kugulira pa kazenera, ndipo nyama ya m'mabuchala inali yosankhidwa, yabwino kwa azungu, zotsala kwa ife, mpaka African National Congress inayambitsa kunyanyala mabuchala m'zaka za m'ma 1950. Eni masitolo a Ciyuda anali m'dongosolo lomwelo ndipo anadyerapo. Komanso ng'ombe zija sizinadziyendetse zokha. Anazikusa ndi amuna a Cilozi ndi a mitundu ina, amene anagona pa mphepo ndi kuoloka mitsinje ya ng'ona, ndipo maina ao sanalembedwe pa cikwangwani ca sitolo iliyonse. Wolemba mbiri Hugh Macmillan, amene pamodzi ndi Frank Shapiro anatulutsa buku la Zion in Africa mu 1999, ndiye anasonkhanitsa zambiri za anthu awa, ndipo wofuna kudziwa zoonjezera ayambire pamenepo.

Cimene cionetsa bwino kuti mtundu wa munthu suuza za mtima wake ndi nkhani ya amuna awiri. Roy Welensky, mwana wa Myuda wa ku Lithuania, anali woyendetsa sitima ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndipo ndiye anakhala nduna yaikulu ya Federation kuyambira 1956 mpaka 1963, Federation imene makolo athu anaikana ndi mtima wonse. Simon Zukas anabadwira ku Ukmergė ku Lithuania mu 1925, nafika kuno mu 1938 ali mnyamata wa zaka 13. Ataphunzira uinjiniya anaima pamodzi ndi anthu akuda ku Ndola kutsutsa Federation yomweyo. Boma la atsamunda linamutsekera m'ndende ku Livingstone ndi kumupitikitsira ku England mu 1952. Anabwerera dziko litalandira ufulu, anagwira nchito ya uinjiniya, anali mmodzi wa oyambitsa MMD, anasankhidwa ndi anthu a ku Sikongo mu 1991, ndipo anakhalapo nduna ya zaulimi.

Cimene tifuna kuti cisaiwalike ndi ca mu 1996. Caka cimeneco malamulo a dziko anasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'Zambia asaime pa upulezidenti. Aliyense anadziwa kuti muvi walunjika kwa a Kenneth Kaunda, amene atate ao, a David Kaunda, anacokera ku Nyasaland kudzalalikira ndi kuphunzitsa ku Lubwa. A Zukas anatula pansi unduna, pamodzi ndi a Dipak Patel. Munthu amene anathamangitsidwapo monga mlendo anazindikira msanga fungo la lamulo lotere, pamene ambiri obadwira konkuno anali kuomba m'manja. Anamwalira mu Sepitembala 2021 ali ndi zaka 96, ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu.

Tsopano taganizirani ici. Mnyamata uja akanacedwa zaka zitatu, sitikanamumva. Mu 1941 asilikali a Hitler ndi owathandiza anapha Ayuda zikwizikwi a ku Ukmergė m'nkhalango ya pafupi ndi tauniyo. M'Lithuania monse, pa Ayuda khumi alionse, asanu ndi anai anaphedwa. M'Ulaya monse anaphedwa mamiliyoni asanu ndi limodzi. Ndipo dziko lapansi silinganene kuti silinapemphedwe. Mu Julaye 1938 maiko 32 anakumana ku Evian ku France kukambirana za Ayuda othawa Germany, ndipo pafupifupi onse anapereka zifukwa zokanira. South Africa inali itatseka kale citseko ndi malamulo a 1930 ndi 1937. Mu 1939 sitima ya pamadzi yochedwa St. Louis, yonyamula anthu oposa 900, inabwezedwa ku Cuba ndi ku America, ndipo oposa 250 mwa iwo anadzafera m'manja mwa a Nazi. Kuno kwathu kunakambidwa zakuti mabanja a othawa akhazikitsidwe ku Mwinilunga kuti azilima, koma azungu okhala kuno ndi akuluakulu a boma la atsamunda sanafune, ndipo nkhaniyo inafera m'mapepala. Amene anakwanitsa kulowa m'Northern Rhodesia kucokera ku Germany nkhondo isanayambe anali ngati 300 cabe. Dziko lalikulu cotere, malo a anthu 300!

Cimene dziko litaya potseka citseko sicioneka tsiku lomwelo. Amai amene mupita ndi ana ku sikelo, timadontho tija ta poliyo timene anamwino adonthezera mwana m'kamwa tinapangidwa ndi Albert Sabin, Myuda wobadwira ku Białystok amene analowa m'America mu 1921. Patapita zaka zitatu, mu 1924, America inakhwimitsa lamulo lake kotero kuti anthu a kwao kwa Sabin anali kulowa ocepa kwambiri. Mankhwala oyamba amene anagonjetsa cifuwa cacikulu, streptomycin, anapezeka mu 1943 m'nyumba yofufuzira ya Selman Waksman, amene anacoka ku Ukraine mu 1910. Ndipo inu amene munagwirako nchito ku Nitrogen Chemicals, fakitale imene inatsegulidwa mu 1970 ndi kupatsa Estates moyo, njira yotengera nayitrojeni mu mpweya kuti apange ammonia wa fataleza anaitulukira Fritz Haber wa ku Germany mu 1909. Munthuyu ali ndi mlandu wake waukulu m'mbiri, pakuti ndiye anatsogolera nchito ya utsi wakupha pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anatumikira Germany mpaka kufika poipa pamenepo, komabe mu 1933 anacoka m'dzikomo cifukwa ca magazi ake a Ciyuda, namwalira ku Switzerland caka cotsatira.

Ife a m'Kafue Estates nkhani ya ulendo siyenera kutivuta kumva. Ndani pano amene mcombo wa agogo ake unakwiriridwa mu Estates? Malo ano anamangidwa boma litaganiza zoika mafakitale pa Kafue ufulu utangobwera. Mapulani a tauni anajambulidwa ndi kampani ya Doxiadis ya ku Greece. Fakitale ya fataleza inamangidwa ndi Kobe Steel ya ku Japan. Damu la Kafue Gorge linamangidwa ndi Energoprojekt ya ku Yugoslavia. Dzina la Bata, la fakitale ya zikumba, ndi la banja la ku Czechoslovakia. Ndipo ife amene tinadzaza nyumbazi tinacokera ku Chipata, Petauke, Kasama, Mongu, Monze, ena ku Malawi ndi ku Zimbabwe, kutsata nchito ku Nitrogen ndi ku Kafue Textiles. Cinyanja cimene tikulankhulana panoci naconso ndi mlendo m'dziko la Asoli, Agoba ndi Atonga. Akatolika tionjezepo kuti Arkibishopu woyamba wa Lusaka, Adam Kozłowiecki, anali wa ku Poland amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, nafika kuno mu 1946.

Pali cinthu cimodzi m'mbiri ya Ayuda cimene ciyenera kutiopsa ife akhristu koposa ena onse. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya kunali bodza lakuti Ayuda amaba ana a akhristu ndi kuwapha kuti atenge magazi ao. Mwana akasowa, anthu sanali kufunsa zambiri. Anali kuthamangira ku nyumba ndi masitolo a Ayuda. Ku Kishinev mu 1903, pa nyengo ya Pasaka, bodza limeneli linaphetsa Ayuda 49. Ku Kielce ku Poland mu 1946, nkhondo itatha kale, linaphetsa 42. Amene anacita zimenezi ambiri anali anthu obatizidwa. Mpingo unacita kulankhula poyera mu 1965, m'cikalata ca Nostra Aetate ca msonkhano wa Vatican II, kuti imfa ya Ambuye isaikidwe pa mutu wa Ayuda onse, a kale kapena a lero, ndi kuti kudana nao n'kosayenera mkhristu. Mu 1986 Papa Yohane Paulo II analowa m'sunagoge wa ku Rome, zaka zitatu asanabwere kudzaticezera kuno.

Kodi bodza limenelo silikumveka lodziwika? Mu Epulo 2016 mu Lusaka munapezeka mitembo ya anthu ocotsedwa ziwalo. Mantha anali oona ndipo cisoni ca mabanja cinali coona. Koma mphekesera inaloza a ku Rwanda a tumasitolo, kuti ndiwo akupha anthu kuti malonda ao ayende. Pa masiku awiri masitolo oposa 60 anaphwanyidwa ndi kuberedwa ku Zingalume, George, Matero, Chawama ndi makomboni ena. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo onse awiri anali a Zambia. Alendo mazanamazana anathawira ku chalichi ca St Ignatius, kumene a Pulezidenti Edgar Lungu anapita kukawapepesa. Mwezi wotsatira apolisi anagwira anthu anai pa mlandu wa kupha kuja. Panalibe wa ku Rwanda ngakhale mmodzi. 

Tidziwa yankho limene ena apereka, ndipo si lopusa. Akuti: ana athu amaliza giredi 12 ali pa khomo, mafakitale anagwa, nanga bwanji malonda ang'onoang'ono, ngakhale a nkhuku ndi njerwa, atengedwe ndi anthu akunja? Mlimi naye akuti wogula cimanga wobwera ndi sikelo yake amubera pa munda pomwe. Madandaulo amenewa ayenera kumvedwa. Wakuba ndi sikelo agwidwe, akhale wa ku Kigali kapena wa ku Katete. Kampani yaikulu yakunja imene ilipira anthu malipiro a njala ndi kuthira zonyansa mu mtsinje ilangidwe, ndipo boma lisaope kutero cifukwa ca ngongole. Koma munthu wa ndalama zambiri amene wabwera pa ndege ndi cilolezo ca unduna ndi wosiyana ndi mai wamasiye amene anaoloka malire ndi ana pa msana mu 1994, ndipo miyala ikayamba kuuluka imagwera wa kantemba, wa pa ndege ali kuseri kwa mpanda wa magetsi.

Ndiponso njira yocotsa alendo m'malonda tinaiyesapo kale. Mu Epulo 1968, pa Mulungushi, boma linalengeza kuti malonda ambiri a masitolo akhale a nzika zokha, ndipo makampani akuluakulu analowa m'manja mwa boma. Colinga cinali cabwino, kupatsa eni dziko mpata umene atsamunda anawamana. Ayuda ambiri ndi Amwenye ena anagulitsa nacoka. Amene tinalipo m'zaka za m'ma 1980 tikumbukira mizere ya sopo, saladi ndi shuga pa masitolo a boma, ndi masitolo a kumidzi amene anatsala zipupa zokha. Zifukwa zinali zambiri, mtengo wa kopa nao unagwa, koma tinaphunzira kuti kucotsa mwini sitolo sikudzaza mashelefu. Sitolo ya wa ku Rwanda itsegulidwa mbandakuca ndi kutsekedwa usiku, igulitsa saladi wa pa supuni kwa amene alibe ya botolo, ndipo eni ake aika ndalama pamodzi kuti aode katundu wambiri pa mtengo wotsika. Palibe mankhwala pamenepo. Ndi zomwe anacita a Susman, ndipo magulu athu a cilimba ndi makopaletivu a alimi angacite zomwezo atasiya kudyerana.

Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino yolandira othawa nkhondo. Mayukwayukwa inatsegulidwa mu 1966, Meheba mu 1971, Mantapala mu 2018, ndipo mu 2024 anthu otere anali pafupifupi 100,000. Koma kulandira kwathu kuli ndi cingwe. Lamulo la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1970, linasiyabe wothawa nkhondo womangika: afunika cilolezo kuti akhale kunja kwa msasa, ndipo mapepala ogwirira nchito kapena ocitira malonda ndi a mtengo umene munthu wothawa sangaukwanitse. A ku Rwanda ambiri anacotsedwa pa mndandanda wa othawa nkhondo mu 2013, ndipo kuti apeze cilolezo cokhalitsa anauzidwa kuti abweretse pasipoti ya dziko lomwe analithawa, cinthu cimene ambiri aopa. Zotsatira zake n'zakuti pali anyamata ndi atsikana obadwira muno, olankhula Cinyanja ndi Cikaonde kuposa Cinyarwanda, oimba nafe m'makwaya, amene afika zaka 25 opanda reji. Sangalembedwe nchito, sangatenge ngongole ya sukulu, ndipo aliyense wovala yunifomu angawaopseze kuti apereke kanthu. Munthu wopanda mapepala salipira msonkho wokwanira, samanga nyumba yokhalitsa, sabzala mtengo wa zipatso. Amene ataya ndi ife tomwe.

A Zukas anatumikira dziko lino cifukwa tsiku lina anapatsidwa unzika. Tipempha aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, kuyambira wa Kafue, kuti afunse unduna woona za m'dziko kuti ana obadwira muno kwa makolo othawa nkhondo ndi angati, ndi kuti n'ciani cikuletsa kuwapatsa mapepala okhalitsa popanda kuwatumiza ku ofesi ya kazembe wa dziko limene makolo ao analithawa. Tipempha makomiti a Cilungamo ndi Mtendere m'maparishi kuti adziwe mabanja otere a m'miphakati yao, awathandize kulemba makalata, ndipo mphekesera ikayamba pa msika apite kwa apolisi ndi kwa makhansala tsiku lomwelo, asadikire Sande.

Aphunzitsi amene mutenga ana a sukulu kukaona mathithi ku Livingstone, patulaniko ola limodzi. Pa malo osungirako zakale za njanji pali cipinda ca mbiri ya Ayuda a m'Zambia, cimene cinatsegulidwa mu 2013. M'tauni momwemo muli sunagoge amene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1928. Eni ake atacoka, nyumbayo inasanduka chalichi ca akhristu.